Khitchini ya panja yolandirira alendo: muyambire pa mphika waukulu ndi chiperoni

Mayi wina wa kufupi ndi Chitakale, kuno ku Mulanje, wandilembera imelo. Akuti iwo ndi amuna awo atsiriza kumanga nyumba ndipo kuseri kwatsala malo. Pakhomo pawo sipatha alendo. Pa Khirisimasi abale amakwana 30, amayi a Mvano amakumanako nthawi zina, ndipo chaka chamawa kuli chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi. Atumizanso zithunzi zimene anaona pa Facebook za makhitchini a panja a ku Johannesburg, a matailosi onyezimira ndi malo owotchera nyama. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi tingamange yotere? Nanga tiyambire pati?"

Zikomo mayi polemba. Kumanga mungamange ndithu, koma zithunzizo muyambe mwaziika pambali. Makhitchini amenewo anamangira munthu mmodzi woimirira, akutembenuza nyama pawaya kunja kuli dzuwa. Kwanuko tsiku la chinkhoswe pamoto padzakhala amayi asanu kapena kuposa, mphika wa nsima wonyamulizana anthu awiri, wina wa nyemba, wina wa mpunga, nkhuku zikusosoledwa pambali. Khitchini yanu iyenera kukomera anthu amenewa poyamba.

Musanakumbe maziko, dziwani kumene mphepo imachokera pamalo panupo. Chiperoni chimene chimatizizira kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti chimalowera kum'mwera chakum'mawa, mbali ya ku Mozambique, ndipo mvula yake ya mawawa imagwa chopingasa, moti denga palokha siliitchinga. Mbali imeneyo imafuna khoma lathunthu. Koma tili m'munsi mwa phiri, ndipo phiri limapotoza mphepo, ya kwa inu imatha kusiyana ndi ya kwa aneba a kutsidya kwa mtsinje. Sonkhani kamoto pamalopo madzulo angapo, muponyepo masamba aawisi, muone kumene utsi ukuthawira. Usamalowe m'mazenera a kuchipinda, usamapite pa chingwe choyanikira zovala, komanso usamawombe kumene mukufuna alendo azikhala.

Kenako madzi a mvula. Aliyense amene anali kuno mu Marichi 2023 pa nthawi ya namondwe wa Freddy akudziwa mmene madzi otsika m'phiri amachitira. Musamange pamene madzi amadutsa, ngakhale m'chilimwe paoneke pouma gwa. Pansi pa khitchini pakwere masentimita 30 kapena kuposa, ndipo mbali ya kumtunda mukumbe ngalande yoyalamo miyala. Pansipo pakhale pa simenti yokhakhala. Matailosi osalala ine sindiwafuna panja kuno, chifukwa ndi chinyezi chathuchi amatereretsa, ndiye taganizani munthu wasenza mphika wa madzi owira.

Denga likhale lopendekera mbali imodzi, lotalika mbali yotseguka, ndipo pakati pa khoma ndi malata musiye mpata woti utsi uzitulukira. Malata atulukire kunja kwa khoma masentimita 60. Ngati thumba likulola, gulani a geji 28, chifukwa utsi ndi chinyezi zikagwirizana malata opyapyala sachedwa kuchita dzimbiri. Nsanamira zikhale za njerwa, za chitsulo, kapena za bulugama wothira mankhwala, ndipo mtengo usakhudze dothi kuopa chiswe. Wina akabwera chamseri kudzakutsatsani matabwa a mkungudza, ponena kuti chiswe sichiudya, mukane. Mtengo umenewu ndi chizindikiro cha dziko lathu, kwawo kwenikweni ndi pa phiri lathuli, ndipo watsala pang'ono kutheratu. Kuudula n'kuphwanya lamulo.

Tsopano pamoto. Apa ndi pamene amisiri ambiri amalakwitsa, chifukwa sanaphikepo nsima ya gulu. Amamanga chilichonse chofika m'chiuno monga m'zithunzi zija. Ikani mphika waukulu pamwamba potero, m'kamwa mwake mufika pachifuwa, ndiye mayi athyakula bwanji? Nsima ya anthu 30 imafuna thupi lonse: mthiko wautali m'manja awiri, miyendo itatangadza, wina akuthira ufa, wina wagwira mphika kuti usagwedezeke. Mbaula ya mphika waukulu ikhale yaifupi, yofika chapabondo, ndipo mbali zitatu pakhale poyenda popanda kugundana.

Ndiye gulani kaye mphikawo, mupite nawo kwa mmisiri, amange mbaula moyeza mphikawo. Uzilowa m'kati pang'ono, n'kutsala mpata wa chala chimodzi kuzungulira, kuti malawi azinyambita m'mbali m'malo mothawira kunja monga amachitira pa mafuwa. Nkhuni zimapita zochepa, madzi amawira msanga. M'kati moyaka moto musalole simenti, imang'aluka ikapsa. Njerwa zake azimange ndi dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga pang'ono, ndipo chumuni chipitirire denga.

Pambali pake pakhale malo ena a mphika wocheperako, a zinthu zophika nthawi yaitali. Pano ndikuganiza za kalongonda. Amene timadya kalongonda tikudziwa kuti amawira tsiku lonse, madzi n'kumatayidwa kangapo kuti asaledzeretse anthu. Ndiye amafuna moto wakewake wosasokoneza nsima, ndi potayira madzi otentha pafupi, osati kuyenda nawo bwalo lonse ana akuthamangathamanga. Nyemba ndi nandolo wouma zimapsanso bwino pamenepo. Pa zophika za tsiku ndi tsiku, Chitetezo mbaula ya dothi ija imakwana, ndipo imayaka bwino ndi mitengo ya nandolo kapena zisononkho. Mungoisiyira pokhala pouma, ndi alumali yokwera ya nkhuni pansi pa denga, chifukwa nkhuni zonyowa ndi chiperoni ndizo zimaliza ophika misozi.

Malo a kanyenya sindikuwakana ayi. Amenewo ndiwo akhale ofika m'chiuno, masentimita 90, chakumapeto kumene utsi umathawira, moyang'ana alendo, poti abambo amakonda kuunjikana pomwepo. Ngakhale theka la mgolo pa miyendo yachitsulo limagwira ntchito. Mukaika gasi, silinda iime chilili, kutali ndi moto wa nkhuni, ndipo kabati yake ikhale yotseguka m'munsi, chifukwa gasi akamatuluka amatsikira pansi. Chinthu china ndikupempheni: mu Juni kukazizira, musatseke khitchini yonse ndi mapepala apulasitiki mbaula ya makala ikuyaka. Makala amatulutsa mpweya woipa wopanda fungo umene umapha anthu ali chikhalire.

Za kukula kwake, mamita 4 m'lifupi ndi 6 m'litali ndi okwanira ophika ndi alendo ochepa. Musavutike kufolera malo a anthu 30 onse. Salazani bwalo pafupi, mudzalepo kapinga, tsiku la chinkhoswe mudzabwereke tenti. Denga limeneli limaposa masikweyamita 24, ndipo mvula ya mamilimita 25 yokha ikagwapo imapereka malita oposa 600. Mukaika gata ndi thanki, madzi otsukira mbale sadzakusowani dzinja lonse. Sinki ikhale chakunja, thandala pambali pake poomba dzuwa, madzi otsukira azipita m'dzenje lodzaza miyala. Mukadzala nthochi chapafupi zimakondwa. Polowera paikidwe ndowa ya mpopi ndi sopo. Chimbudzi ndi dzala zikhale patali, chakumunsi.

Pakati pa ophika ndi alendo ndimakonda kakhoma kofika m'chiuno, kotambalala pamwamba. Kamatchinga ana kuti asathamangire kumoto, mbale zikaomoledwa zimandandalikidwa pomwepo, ndipo amayi ophika amamva nawo nkhani n'kuponyapo mawu m'malo mobisika kuseri tsiku lonse. Poika mipando kumbukirani mwambo wathu. Alipo apongozi amene sangameze mbamu mkamwini akuwayang'ana, ndipo alipo agogo amene pampando sakhalitsapo, amafuna mkeka kuti atambasule miyendo. Konzani ngodya ziwiri zokhalamo, imodzi ya mipando, ina yoyala mkeka pouma potsamira khoma. Babu la sola limodzi pamwamba pa miphika, lina kwa alendo, magetsi akazima phwando lisaime.

Ndalama zikakhala zochepa, yambani ndi maziko, ngalande ndi denga, kenako mbaula, kenako madzi. Penti ndi zokongoletsa zidzabwera pambuyo. Nthawi yabwino yomangira ndi kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala, chiperoni chitachepa, mvula isanayambe. Mbaula yadothiyo muisiye iume milungu iwiri, muyambe ndi kamoto kakang'ono masiku oyamba, ndipo pong'aluka muzimata nthawi yomweyo. Chinkhoswe chisanafike, itanani amayi amene adzaphike aja adzayese kuphikapo nsima ya mphika wonse, kuti ngati pali pofuna kukonza mmisiri akonze nthawi ikadalipo.