Achemwali a ku Zomba akufuna MacBook Air, ndipo andikumbutsa bala langa la 2019

Kalata yawo inafika Lachiwiri usiku ndipo ndinaiwerenga katatu ndisanagone. Achemwali amenewa amagwira ntchito yosonkhanitsa ndi kusanthula ziwerengero ku bungwe lina ku Zomba. Achimwene awo a ku Johannesburg akubwera mu Julaye, ndipo avomera kuwagulira laputopu ya Apple ya MacBook Air ya M4 imene inatuluka mu Malichi 2025. Funso lawo ndi ili: "Nditenge ya 256GB yotchipayo, kapena ndiwonjezere ndalama pa 512GB, kapena pa RAM ya 24GB? Ndalamazi ndasunga zaka ziwiri, sindikufuna kulakwitsa."

Achemwali, mawu oti "ndasunga zaka ziwiri" ndi amene andigwira mtima, choncho mundilole ndiyambe ndi zanga.

Mu 2019 ndinkakhala ku Chilobwe, ndipo chakudya changa chinkachokera pa kutayipa. Ana a sukulu zaukachenjede ankandibweretsera zojambula mawu za kafukufuku wawo, ine ndinkamvetsera n'kumalemba, kenako n'kuwakonzera matebulo ndi masamba. Kompyuta imene ndinali nayo inali yokalamba, yolemera ngati njerwa, batire yake inali itafa moti magetsi akangothima nayonso inkathima pomwepo. Tinali ndi chiperegani cha anthu asanu, ndipo mwezi wanga utakwana ndinaphatikiza ndi kangachepe kamene ndinali nako m'thumba, n'kukwera minibasi ya ku Limbe. M'sitolo ina ndinaona laputopu yopyapyala, yasiliva, yopepuka moti mutha kuinyamula ndi zala zitatu. Mnyamata wogulitsa anandiuza kuti yangofika kumene, m'tauni monse muno palibe amene ali nayo. Ndinafunsa za RAM, chifukwa pa katoni panalembedwa 4GB ndipo ndinali nditamvako kuti n'zochepa. Anayankha mosachedwa, akumwetulira: "Bwana, zimenezo musade nazo nkhawa, mudzawonjezera mukapeza ndalama." Ndinalipira, ndipo m'minibasi ndinaifungatira pamiyendo ngati khanda.

Miyezi itatu yoyamba zinali bwino. Kenako ntchito inachuluka. Ndikatsegula fayilo ya mawu, chikalata cha masamba 120, ndi masamba asanu ndi limodzi a pa intaneti, makina ankayamba kuuma. Ndikatayipa chiganizo, zilembo zinkatuluka mochedwa, chimodzichimodzi, ine nditafika kale pa chiganizo china. Usiku wina mtsikana wina anakhala pa mpando wa pakhonde mpaka cha m'ma 10 koloko kudikira ntchito yake imene ankayenera kukapereka m'mawa, amayi ake akumuimbira foni kambirimbiri, ine ndikungoyang'ana kachizindikiro kozungulira pa sikirini. Sanandikalipire. Anangonena kuti "chabwino ankolo", ndipo sanabwerenso, ngakhale anzake amene iye ankandibweretsera.

Nditapeza ndalama ya RAM ndinapita nayo kwa katswiri wina wa kashopu kakang'ono pafupi ndi msika wa Blantyre. Anamasula tizomangira tonse n'kutiika m'chivindikiro cha botolo kuti tisasowe, anatsegula chapansi, n'kuyang'ana kwa kanthawi osalankhula. Kenako analoza ndi nsonga ya sikuludiraiva timabwalo tinayi takuda tokhala ngati tamatidwa pa bodi yobiriwira ija. "Bambo, RAM yanu ndi iyi. Anaiwotcherera ku fakitale. Apa palibe polowetsa ina." Ndinafunsa za malo osungira zinthu, nawonso anali owotcherera. Anandibwezera ndalama ya m'manja imene ndinamupatsa, akuti sanagwire ntchito. Ndinatuluka pamenepo miyendo ili lendelende. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo tsiku limenelo nyererezo ndinaziona ndi maso anga. Ndinabwerera ku sitolo kuja, mnyamata uja anali atasiya ntchito, ndipo amene ndinamupeza anangondionetsa pa risiti pamene panalembedwa kuti katundu akatuluka sabwezedwa.

Ndinaivutikira zaka zina ziwiri chifukwa panalibe kuchitira mwina. Ndiye mukaona ndikulankhula mokweza pa nkhani ya RAM, dziwani kumene zikuchokera.

Ambiri amasokoneza nambala ya RAM ndi ya malo osungira zinthu chifukwa onse amathera ndi GB. Ine ndimawafotokozera anthu motere. SSD, ija ya 256GB kapena 512GB, ndi nkhokwe, mmene mumasungira zokolola zonse. RAM ndi mphasa imene mumayanikapo ufa wa lero. Nkhokwe ikhoza kukhala yaikulu bwanji, koma ngati mphasa ili yaing'ono muziyanika pang'onopang'ono, kuolera, kuthamangira ku nkhokwe, kubwerera, dzuwa n'kulowa ntchito isanathe. Kompyuta imachita chimodzimodzi: RAM ikadzaza imayamba kubwereka malo pa SSD, ndipo kuchedwa kumene mumakumva m'zala kumachokera pamenepo. Nkhokwe ikadzaza mutha kumanga ina panja, ndiye kuti kugula SSD ya kunja yolumikiza ndi chingwe, imene mtengo wake suopsa. Koma mphasa ya MacBook simungailumikize. Pa makina a Apple a M1, M2, M3 ndi M4 onse, RAM ili m'phukusi limodzi ndi purosesa, imene ndi ubongo wa kompyuta, ndipo imene mwagula tsiku loyamba ndi imene mudzakhale nayo mpaka makinawo adzafe. Malaputopu ambiri opyapyala a Windows masiku ano ali chimodzimodzi, ndipo ogulitsa athu ambiri sakuuzani, mwina chifukwa nawonso sakudziwa.

Apa ndiye ndilankhule mosabisa. Munthu wogulitsa laputopu yatsopano ya 4GB kapena 8GB yowotcherera m'chaka chino kwa munthu amene wasunga ndalama zaka ziwiri akumulakwira, ndipo sindisintha maganizo pa zimenezi. Ena amati Windows 11 imangofuna 4GB ya RAM ndi 64GB ya malo. N'zoona, zinalembedwa choncho, koma umenewo ndi mlingo woti makina angoyaka, osati woti munthu agwirire ntchito. Microsoft yomweyo itatulutsa makompyuta a Copilot+ mu 2024 inaika 16GB ngati poyambira. Apple nayo inagulitsa Air ya 8GB kwa zaka zambiri, mpaka mu Okotobala 2024 pamene inakweza yoyambira kufika pa 16GB osakweza mtengo. Ngati opanga okha afika pamenepo, ife tizigulira chiyani zotsalira za m'mashelefu? Chimene chimandiwawa n'chakuti katundu amene walephera kugulidwa kwina ndi amene amadzaza m'masitolo mwathu, ali m'katoni yonyezimira, pa mtengo wa chinthu chatsopano.

Komanso anzathu a ku America amene amalemba zoyamikira makinawa amalemba ngati anthu oti chaka chamawa adzagula ena. Ife sitigula choncho. Kuno laputopu imagulidwa kuti ikhale zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ikakalamba ipite kwa mng'ono wanu wa ku koleji. Taonani zimene zachitikira kwacha: inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anati "ndigule kaye yotchipa, ndidzasintha pakapita zaka ziwiri" anapeza kuti malipiro awo sakufikanso pa mtengo wa makina ena. Ku America, itatuluka mu 2025, Air ya mainchesi 13 yoyambira inali madola 999, ya 512GB inali 1,199, ndipo ya 24GB ndi 512GB inali 1,399. Sitepe iliyonse inali madola 200. Pa mtengo wa ku banki wa nthawi imeneyo wa pafupifupi K1,750 pa dola, ndiye K350,000, ndipo tonse tikudziwa kuti dola ya pa mtengo umenewo kuipeza n'kovuta. Ku South Africa mudzalipira koposa pamenepa chifukwa mtengo wa m'sitolo umaphatikiza VAT ya 15 peresenti. Ndalama zoterozo si zoponya pa chinthu choti simudzachigwiritsa ntchito, komanso si zoumira pa chinthu choti simungadzachiwonjezere.

Chimene ndimaikondera Air, ndipo ndisabise, ndi batire. Apple imanena kuti imafika maola 18 poonera kanema. Pa ntchito yeniyeni amachepa, komabe tsiku lonse la ntchito limatha. Amene anali m'dziko muno mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130, akukumbukira mmene tinkayendera ndi chaja m'chikwama kufunafuna kumene kuli jenereta. Kwa munthu wopita kumudzi kukasonkhanitsa ziwerengero, makina otha kuwatchaja ndi chingwe cha USB-C kuchokera pa power bank yamphamvu ndi dalitso lenileni. Ilibenso fani, ndiye kuti siyamwa fumbi la m'misewu yathu, ngakhale kuti pa kutentha kwa Okotobala mukaipanikiza ndi ntchito yolemera kwa nthawi yaitali imadzichepetsa liwiro kuti isatenthe kwambiri.

Nditapuma pa bala lija, mu 2021 ndinagula laputopu ya ThinkPad T480 ya ex-UK, yakuda, yokandika pa ngodya, yopanda kukongola kulikonse. Ili ndi malo awiri olowetsa RAM komanso mabatire awiri, imodzi yochotseka. Katswiri yemwe uja anaikamo 16GB ine ndikuyang'ana, mphindi khumi zisanathe. Ndi imene ndikulembera kalatayi. Sindikunena kuti aliyense agule kaunjika, koma kwa owerenga ena amene madola 999 sangawafike, njira ilipo. Mungochenjera ndi chinthu chimodzi: pa 14 Okotobala 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ndipo pa mapurosesa a Intel, Windows 11 imafuna ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Makina akale amene maofesi a kunja akuwataya pa chifukwa chimenechi afika kuno ochuluka, otchipa mokopa. Yang'anani nambala ya purosesa. Ikakhala ngati i5-8250U, yoyamba ndi 8, muli bwino. Ikayamba ndi 6 kapena 7, isiyeni.

Musanatumize ndalama ku Johannesburg

Achemwali, pali funso limene simunandifunse koma ndi lalikulu kuposa onse: ku ntchito kwanu mumagwiritsa ntchito mapulogalamu ati? Excel ilipo pa Mac, SPSS, Stata ndi R ziliponso, ndipo KoboToolbox imayenda pa intaneti. Koma Power BI Desktop, Microsoft Access ndi ArcGIS Pro ndi za Windows zokha. Pali njira yoikira Windows m'kati mwa Mac kudzera pa pulogalamu ya Parallels, koma ndi yolipira, imadya RAM yambiri, ndipo tsiku limene idzavute ku Zomba mudzasowa wokuthandizani. Ngati lipoti limene abwana anu amalifuna mwezi ndi mwezi limatuluka mu Power BI, MacBook musagule, ngakhale ikongole bwanji ndi mtundu wake watsopano wobiriwira ngati thambo uja. Muwauze achimwene akupezereni ThinkPad, Latitude kapena EliteBook ya 16GB, ndipo afunse m'sitolo momwemo ngati RAM yake ili yochotseka, aone zolembedwa, asangomva zapakamwa.

Ganiziraninso za kukonza. Apple ilibe sitolo yakeyake kuno, ndipo chitsimikizo chake ndi cha chaka chimodzi. Sikirini ikasweka, nthawi zambiri makina adzayenera kukwera basi kubwerera ku South Africa. Choncho achimwene asataye risiti, agule kwa wogulitsa wovomerezeka monga iStore osati kwa munthu wa pa Facebook, ndipo aiyatse ali konko, ayese kiyibodi yonse, kamera ndi malo olowetsa zingwe, kuti ngati pali vuto abweze asanawoloke pa Mwanza. Pulagi ya kumeneko siyilowa m'soketi zathu za mano atatu aphwanthiphwanthi, ndiye agulirenso adaputa yabwino. Air ili ndi malo awiri okha a USB-C, kotero fulashi yanu yakale ndi purojekita ya mu ofesi zidzafuna kachipangizo kolumikizira. Chimenecho agulire limodzi, pamodzi ndi chikwama chokhala ndi siponji m'kati.

Tsopano ngati mapulogalamu anu onse akuyenda pa Mac, yankho langa nali. 16GB imene imabwera ndi yoyambira ndi yokwanira pa ntchito ya matebulo ndi malipoti, ndipo 24GB muiganizire pokhapokha ngati mudzaika Windows m'kati mwake kapena mumakonza makanema. Madola 200 owonjezera, ngati alipo, aikeni pa 512GB, chifukwa SSD ya m'katimo nayo siyisinthika, ndipo ndi mtengo wa bandulo kuno simungadalire kusunga zonse pa intaneti ngati anzathu a kunja. Ngati palibe, tengani ya 256GB mosadziimba mlandu, achimwene akugulireni SSD ya kunja ya 1TB, zithunzi ndi mafayilo a mawu muziika kumeneko. Ya mainchesi 13 ikukwanirani, popeza mumayenda nayo pa njinga yamoto kumidzi.

Mundilembere mayina a mapulogalamu atatu amene mumawatsegula tsiku lililonse Julaye asanafike, ndikuuzani ngati muyitanitse Mac kapena ayi.