Za nyumba za magalasi zija, achimwene

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake nyumba za m'ma 1950, zija za denga lafulati ndi mawindo akuluakulu, zikukopabe anthu mpaka lero. Ine ndimati nkhani yagona pa kakhalidwe ka m'nyumbamo. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, asilikali anabwerera kwawo ku America n'kuyamba mabanja, koma nyumba zinali zochepa. Chaka chomwecho magazini ya Arts & Architecture ku California inayambitsa Case Study Houses, kupempha akatswiri a mapulani kuti aonetse nyumba yamakono yosaboola m'thumba komanso yomangika msanga.

Amene anafikitsa maganizowa kwa anthu wamba ndi Joseph Eichler, yemwe anamanga nyumba pafupifupi 11,000 ku California. M'zambiri mwa nyumba zakezo, mukangotsegula chitseko mumafikira pa kabwalo kopanda denga, pakatikati pa nyumba. Denga limakhala pa nsanamira ndi mitanda, ndiye makoma sanyamula kanthu, akhoza kukhala agalasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Khitchini, podyera ndi pabalaza n'zolumikizana, mayi akuphika uku akuona ana akusewera kuseri. Nyumbayo mukaiona muli pamsewu imaoneka yodzichepetsa, yotseka, koma kuseri kwake ndi kuwala kokhakokha. Chimenechi ndicho anthu akuchisakabe. Mipando ya akatswiri opanga mipando, Charles ndi Ray Eames, imene imadzaza pa Instagram ija ndi zokometsera chabe. Ndisaiwale, Eichler ankagulitsa nyumba kwa aliyense osayang'ana khungu, pomwe anzake ambiri masiku amenewo ankasankha ogula.

Komatu zithunzi zimanamiza. Nyumba yotchedwa Farnsworth House ku Illinois, ku America komweko, imene katswiri wa mapulani Mies van der Rohe anaimaliza mu 1951, ndi bokosi lagalasi lokongola zedi, koma iye ndi mwini nyumbayo, Dr Edith Farnsworth, anakathera kukhoti pa nkhani ya ndalama zomangira. Mtsinje wa Fox nawo wakhala ukusefukira n'kulowa m'nyumbamo, ngakhale kuti anaikweza pa nsanamira zachitsulo.

Ngati mukuganiza zomanga yanu kwathu kuno, galasi lalikululo lisayang'ane kumadzulo, apo ayi mwezi wa October mudzaphikika muli pasofa. Denga litulukire kunja kuti lipereke mthunzi, ndipo mumuuze mmisiri wanu alipendeketse pang'ono ngakhale lizioneka lafulati, chifukwa mvula ya January ikadikha pamwamba siichedwa kupeza polowera.