Kwa mayi a ku Machinjiri: nanenso mpira ndinaulandapo

Lachiwiri lina usiku, mu Febuluwale 2021, ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Machinjiri. Akuti chitsekereni sukulu mu Januwale chifukwa cha mliri wa korona, mnyamata wawo wa zaka 12 sakudya bwino, akungogona masana, ndipo ukamuyankhula amayankha ngati walumidwa ndi mavu. Mwanayo akufuna kubwerera kutimu yake ya mpira, bambo ake akukanitsitsa. Amulole kapena ayi?

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu ndisanagwire foni kuti ndiyankhe, chifukwa mwandiponda pachilonda. Mundipirire, ndiyamba ndi zanga.

Pomwe sukulu zinkatsekedwa koyamba pa 23 Malichi 2020, n'kuti m'Malawi muno musanapezeke ngakhale munthu mmodzi wa korona. Atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Koma ine n'kuti nditadwala kale matenda a pa WhatsApp: mavidiyo a ku Italy, mabokosi a maliro ali ndandanda, aliyense pagulupu wasanduka dokotala. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe kukagula loko wamkulu ndi chidebe cha mpopi. Lokodauni ya masiku 21 ija, yomwe inayenera kuyamba pa 18 Epulo, khoti linaiimitsa mavenda atachita kale zionetsero m'misewu. Koma kunyumba kwanga ku Zingwangwa khoti linalibe mphamvu. Lokodauni yanga inayenda bwinobwino, woweruza ndine, wapolisi ndine ndemwe. Ndipo chifukwa ndinali nacho chomveka: timakhala ndi mayi anga, zaka zopitirira 70, a shuga ndi BP.

Mnyamata wanga wachiwiri, amene nthawiyo anali ndi zaka 11, ndi goloboyi. Sindinganame kuti ndi katswiri. Zigoli zina zomwe amagoletsa ngakhale agogo akewo akhoza kugwira. Koma masana aliwonse akaweruka ankaponya chikwama pampando, nsima kudyera chiimire, ulendo wa kubwalo. Kochi wawo ndi mnyamata wina wa kabaza, salandira kanthu, wenzulo anagula yekha.

Masabata oyamba a m'ndende yanga, mwanayu ankamenyetsa mpira kukhoma la kuseri. Du! Du! Du! kuyambira mamawa. Khoma linachita kuda pamalo amodzi, chidindo chozungulira ngati mbale. Ine ndili pa laputopu pabalaza, mutu uli pa nkhani ya malipiro omwe kuntchito anali atatidula. Tsiku lina zinandikwana. Ndinatuluka, kulanda mpirawo, kukauika pamwamba pa kabati kuchipinda kwathu. Nyumba inangoti zii. Madzulo ake ndinauza mayi ake monyadira kuti mwana wamva.

Patapita masabata awiri anayamba kudandaula m'mimba. Kenako mutu. Tinapita naye kuchipatala, anamuyeza malungo, sanapezeke, tinabwerako ndi panado. Nsima ankadya theka la mtanda, yemwe kale ankatha itatu n'kumayang'ananso m'mbale ya mchemwali wake. Usiku sagona, masana sadzuka. Ndiye tsiku lina m'mawa ndinamupeza akuchapa yekha bulangete kuseri kwa bafa, dzuwa lisanatuluke, akuyang'ana uku ndi uku. Mnyamata wa zaka 11, amene anasiya kukodza pogona ali ndi zaka 4. Ndinamufunsa, anangowerama. Ndikuvomera pano pagulu kuti mawu oyamba omwe anabwera pakamwa panga anali akuti “ulesi”. Mwamwayi sindinawatulutse.

Kumapeto kwa Meyi kunamveka nkhani ija ya abale athu ochokera ku Joni omwe anawasunga pa Kamuzu Stadium kudikira zotsatira za kuyezedwa, anthu pafupifupi 400 n'kuthawamo. Tikumvera wailesi, mwanayu anangofunsa kuti, “Ndiye udzu wake awuponda ndi zikwama?” Ndinamukalipira kuti pa Kamuzu palibe udzu weniweni, ndi kapeti, ndipo anthu akukamba za moyo iwe ukukamba za mpira. Sindinamve chomwe ankanena. Kenako unafika mwezi wa Juni, kampeni ya chisankho cha pa 23 ili m'chimake. Malole odzaza anthu akudutsa mumsewu wathu, kuimba, kukumbatirana, masiki olo mmodzi. Iye ali pageti, maso pakabowo ka loko. Anatembenuka n'kundifunsa, osati mwamwano, ankafunadi kudziwa: “Adadi, korona amagwira ana okhaokha?”

Ndinalibe yankho. Amene anayankha ndi agogo ake, omwewo ndinkati ndikuwateteza. Anandiitana kuchipinda kwawo n'kunena kuti, “Iwe, mwanayu sakudwala m'mimba. Ukundisunga ine pomupha iye? Ine ndadya zanga. Mtsegulire.” Ndinatsutsa, ndinawawerengera za shuga, za mapapo. Anangoti, “Ndiye ndizikhala pakhonde, iye azisamba akabwera.” Nkhani inathera pomwepo. Pokatsitsa mpira pakabati ndinaupeza utaphwa, fumbi lili mbuu. Sanaufunenso. Anali atamanga kale chikulunga cha majumbo a shuga ndi zingwe za thumba la makala, atachibisa pansi pa bedi.

Tsopano ndinene zomwe zakhala zikundidya mumtima, ndipo ena mukwiya. Ife akuluakulu a m'tauni muno mliriwu tausenzetsa ana. Misonkhano ya ndale inachitika, ya mbali zonse. Misika ya Limbe ndi Ndirande siinatsekedwe, ndipo sindikuti ikanatsekedwa, anthu akanadya chiyani. Malo omwera mowa ngakhale kumayambiriro kwa 2021 ankatsegula, anangowauza kuti azitseka 8 koloko usiku. Super League ya akuluakulu inayamba kumapeto kwa 2020 chifukwa kumeneko kuli ndalama ndi anthu oti angalankhule pawailesi. Koma mwana wa Sitandade 5 anakhala pakhomo kuyambira Malichi mpaka Okutobala, popeza pa 7 Seputembala anatsegulira olemba mayeso okha. Wangophunzira pang'ono, mu Januwale 2021 anamutsekeranso. Ndani anamufunsapo kuti zikukuyendera bwanji? Tinamupatsa maphunziro a pawailesi, basi, ngati kuti chomwe mwana amakatenga kusukulu ndi masamu okha.

Sindikupeputsa matendawa. Amene ankapeputsa korona mu Febuluwale 2021 ndiye kuti sanaike maliro. Pa 12 Januwale 2021 tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Ine mumsewu wathu wokha ndaperekeza anthu awiri. Katemera anali asanafike. Blantyre Youth Centre, komwe atsikana athu amaponyera ntchembere mbaye, analengeza kuti isanduke chipatala. Ndiye bambo a mwana wanuwo musawaone ngati ankhanza, ali ndi mantha ngati omwe ndinali nawo ine. Vuto ndi loti mantha amawerenga mbali imodzi. Amawerenga zomwe zingachitike mwana akatuluka, zomwe zikuchitika ali m'nyumba sawerenga, chifukwa sizichita phokoso.

Ife Amalawi sitikhala pansi ndi ana kukambirana za mumtima. Tisanamizane. Mwana akakhumudwa timati wayamba mwano, akakhala chete timati ndi wofatsa, akalira timamuuza kuti mwamuna salira. Mawu akuti matenda a maganizo tikangowamva, nzeru zathu zimathamangira ku Zomba Mental, ngati kuti pakati pa bwinobwino ndi misala palibe kanthu. Ndiye mwana nkhawa zake amakazitula kuti? Kubwalo. Ine bambo anga anamwalira ndili Sitandade 6, tikukhala ku Ndirande. Palibe wamkulu amene anandifunsa kanthu, onse anali otanganidwa ndi katundu ndi za sadaka. Patatha masiku atatu chiikireni maliro, anzanga anabwera pakhomo ndi chikulunga. Palibe anati pepa. Mmodzi anangoti, “Lero ukusewera nambala 9.” Ndinathamanga mpaka mdima, ndinagwa, ndinachubuka bondo, ndinalira ngati ndikulirira bondolo. Usiku umenewo ndi umene ndinagona tulo koyamba. Zonsezi ndinali nditaiwala tsiku lomwe ndinkalanda mpira uja, ndipo n'zomwe zimandichititsa manyazi kwambiri.

A zaumoyo amafotokoza bwino kuposa ine. Bungwe la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azipeza mphindi 60 tsiku lililonse zothamangathamanga mpaka kutuluka thukuta. Thupi likatopa tulo timabwera, njala imabwera, ndipo kuwala kwa dzuwa kumathandiza thupi kudziwa nthawi yogona ndi yodzuka. Amanenanso kuti ana nthawi zambiri nkhawa imawatulukira m'thupi: m'mimba, mutu, kulusa, kukodza pogona. Koma pali china chomwe kuthamanga wekha kuzungulira nyumba sikungapereke. Kutimu mwana ali ndi udindo. Akajomba, pagolo palibe munthu, anzake amabwera kudzamufuna. Pakhomo ndi wotumidwa chabe, “katunge madzi”, “tseka chitseko”. Kubwalo ndi munthu amene akudikiridwa.

Ndipo tikukamba za anyamata chifukwa amachita phokoso. Atsikana bwanji? Mchemwali wake wa mnyamata wangayu, wa Fomu 2, sanamenyetse kanthu kukhoma. Anangolowa kukhitchini, ife n'kumayamikira kuti akuthandiza mayi ake. Kafukufuku wa boma anapeza kuti m'miyezi yomwe sukulu zinali zotseka mu 2020 atsikana oposa 40,000 anatenga mimba. Sindikunena kuti mpira wamanja ukanaletsa zonsezo, umphawi ndi azibambo opanda manyazi ali momwemo. Koma mtsikana amene 3 koloko iliyonse ali pabwalo ndi anzake, pali aphunzitsi kapena kochi womuyang'ana, sali chimodzimodzi ndi amene watsala yekha pakhomo makolo ali kumsika. Mwawi Kumwenda, katswiri wathu wa mpira wamanja, sanatulukire kukhitchini. Ngakhale fulaye ndi jingo, tinaziletsa ngati kuti chingwe chimayetsemula.

Mabwalo enieniwo akutha. Lomwe ine ndinkasewerapo lero ndi maploti, pomwe panali golo pali mpanda wa njerwa wokhala ndi magalasi osweka pamwamba. M'makwalala ambiri a Blantyre bwalo lotsala ndi la sukulu, ndiye sukulu ikatsekedwa mlonda amatsekanso bwalo. Ana otsekeredwa kunjawo sapita kunyumba, amakadzazana m'kachipinda ka vidiyo kopanda zenera, anthu 30 kupuma mpweya umodzi. Tawathamangitsa pamphepo n'kuwalowetsa mu uvuni.

Nanga agogo?

Simunanene ngati kwanu kuli wachikulire kapena wodwala shuga, BP, mphumu. Apa ndi pomwe pagona nkhani, chifukwa ana ambiri korona sawagwetsa kwenikweni, koma akhoza kumubweretsera wina pakhomo. Kwathu tinagwirizana kuti mnyamata akabwera azilowera kuseri, asambe, asinthe zovala, ndipo agogo ake azicheza nawo pakhonde, osati kuchipinda. Agogowo amadyera paokha masiku ano, zomwe amadandaula tsiku lililonse, koma ali moyo ndipo akadali kutilamulira.

Ndiye funso lanu lija, mayi. Ine ndikuti mloleni, koma osati kumpikisano wa matimu a madera ena, wokwera lole ndi oonerera. Zimenezo zidikire. Kambiranani ndi makolo a anzake anayi kapena asanu, akhale omwewomwewo tsiku lililonse, panja, ola limodzi, aliyense ndi botolo lake la madzi, osakumbatirana akagoletsa (apa mudzalephera, koma nenanibe). Wa chifuwa kapena kutentha thupi, kapena amene kwawo kuli wodwala, akhale kunyumba. Bambo ake akakanabe, apempheni apite naye okha tsiku loyamba, akaime patali aone.

Chimodzi chokha musachitengere mwamasewera. Mpira si mankhwala a zonse. Mwana akayamba kunena kuti “bola ndingofa”, akamadzivulaza, akamagawa zinthu zake zomwe amazikonda, kapena papita masabata awiri atabwerera kubwalo koma osasintha, musadikire. Pitani naye kuchipatala, ku Gulupu aliko oona za maganizo, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Pa za korona weniweniyo pali 54747, Chipatala cha pa Foni.

Wanga anatenga pafupifupi mwezi kuti tulo tibwerere m'malo mwake, ndipo za bulangete zija sitinazikambepo mpaka lero. Mu Januwale 2021 atatsekanso sukulu, loko sindinamugwire. Amasewera anyamata asanu ndi mmodzi pakamsewu ka kuseri, magolo ndi njerwa, kochi wa kabaza uja amadutsa akapeza mpata. Dzulo wabwera fumbi lokhalokha, ndamufunsa kuti zatha bwanji, akuti amugoletsa zinayi koma ziwiri zinali ofusayidi. Wadya mitanda itatu.