Za maginito ndi malungo zija

Achimwene mwafunsa ngati n'zoona kuti ku labu amakoka tizilombo m'magazi ndi maginito, ndiye bwanji osangovala chibangili cha maginito chija akugulitsa pa Nchalo kuti malungo athe. Za ku labuzo n'zoona ndithu koma chibangilicho musataye ndalama zanu.

Akatswiri amapanga timibulu ta magnetite, wofanana ndi kamchenga kakuda kaja ana amatola m'mbali mwa mtsinje ndi maginito a sipika yakufa, kungoti timeneti n'tochepetsetsa, ta kampani ya Miltenyi Biotec ya ku Germany ndi mananomita 50 basi pomwe mu milimita imodzi muli 1,000,000. Palinso tokulirapo totchedwa Dynabeads, tochokera pa ntchito ya John Ugelstad wa ku Norway. Chabwino chake timibuluti timamva maginito akakhala pafupi pokha, mukawachotsa timabalalikanso m'madzi osaundana.

Koma maginito sadziwa kusankha ayi, chosankha ndi puloteni yomwe amamata kunja kwa kambuluko, ndipo nzeru yonse ili pamenepo. Akamata antibody (puloteni ya chitetezo cha m'thupi yogwira chinthu chimodzi chokha) yogwira CD4, chizindikiro chokhala kunja kwa maselo ena oteteza thupi, kambuluko kamakangamira maselo okhala ndi CD4 okhawo, enawo kamangowadutsa. Ena amamata puloteni yotchedwa streptavidin imene ikagwira biotin (vitamini amene amayamba amumata pa chinthu chomwe akuchifunacho) kulekanitsa kwake ndi ntchito, enanso amasintha jini kuti puloteni yomwe akuifuna ituluke ndi kamchira ka ma histidine 6 (histidine ndi kamodzi ka tizidutswa topanga puloteni), kamchirako n'kumakakamira pa chitsulo cha nickel chimene amaika pa kambuluko. Ndiyeno amathira timibulu tokulirapo tija m'kabotolo ka sampulo, kukhutchumula pang'ono, kudikira, kugunditsa maginito pambali pa kabotolo, zogwidwa zonse zimasonkhana pakhoma ndipo zotsalazo amazikoka n'kutaya, kutsuka kangapo basi yatha. Makina ambiri oyezera viral load ndi ena aja a COVID-19 amatulutsa RNA, yomwe imasunga majini a vairasi, mwanjira yomweyi, kungoti mibulu yawo nthawi zambiri amaikuta ndi silica (chopangira galasi chopezeka mu mchenga) osati puloteni.

Tsono pa malungo pali kanthu kosangalatsa. Kachilomboka kakamadya hemoglobin, puloteni yofiiritsa magazi, m'selo yofiira kamasiya zinyalala zake zotchedwa hemozoin, zimenezi zimamva maginito pang'ono, moti ofufuza amadutsitsa magazi m'kapaipi kodzaza tizitsulo koikidwa pakati pa maginito amphamvu, maselo odwala okhala ndi hemozoin yambiri amatsalira mkatimo abwinowo n'kudutsa. Apa sipafunikanso ndi puloteni yomwe. Koma onani, magazi ake ndi apang'ono, ali kunja kwa thupi, akuyenda pang'onopang'ono atakhudzana ndi chitsulo. Chibangili chili kunja kwa khungu, mphamvu yake imathera pomwepo, ndipo ngakhale chikanakoka kachilomboko kakanatulukira pati?

Ogulitsawo akhoza kukuuzani kuti magazi muli ayironi, inde alimo koma sali ngati msomali woti n'kukokedwa. Mwana akatentha thupi, makamaka madzi a Shire akasefukira udzudzu n'kuchuluka, thamangani naye akamubaye chala, akapezeka ndi malungo amwe LA mpaka amalize masiku onse 3.