Yankho kwa amalume pa nkhani ya thanki ya Hilux

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, koma manja ali ndi girisi, ndiye ndangoti ndijambule mawu. Mwafunsa ngati Hilux yanu ija muyiike thanki yaikulu yochokera ku Joni, kapena owotcherera akupangireni yachiwiri, kapena muzingoyenda ndi zigubu ngati kale. Ine maganizo anga ndi akuti mugule thanki yaikulu yolowa m'malo mwa imene ilipoyo, yopangidwira galimoto imeneyo. Ya owotcherera ayi. Ndifotokoze chifukwa chake.

Thanki imene Hilux imabwera nayo ndi ya malita 80. Pa phula, mutanyamula katundu, tinene imamwa malita 10 pa makilomita 100. Koma inu phula mumalisiya ku Rumphi. Mukalowera ku Nyika, kudutsa Nthalire mpaka Chitipa, kenako kukwera Misuku, m'matope, pa giya yaing'ono, mawilo onse anayi akukoka, muziwerengera malita 13 kapena kuposa. Ndipo malita 10 omaliza musamawawerengere, amenewo ndi osiya pansi. Ndiye malita 70 akupatsani makilomita 500 ndi pang'ono. Thanki zolowa m'malozi zambiri zimakhala za malita 120 mpaka 150. Ya 140 ikhoza kukuyendetsani makilomita 1,000 pa misewu yomweyo. Kwa munthu wogula nyemba ndi khofi m'midzi, amene sadziwa ngati akapeza dizilo ku Chitipa, kusiyana kumeneko n'kwakukulu ndithu.

Tsopano apa mumvetsetse, amalume, chifukwa ambiri sapaganizira. Mafuta amalemera. Lita imodzi ya dizilo ndi makilogalamu 0.84 kapena chapomwepo. Malita 60 owonjezera ndi makilogalamu 50, ndipo pamenepo muwonjezerepo kulemera kwa thankiyo, makamaka ikakhala yachitsulo. Ndiye kuti mukadzaza thanki mwakweza kale thumba limodzi la nyemba ndi theka, musanagule kalikonse. Galimoto ili ndi malire a katundu amene inapangidwira, analemba pa kachitsulo kapena kapepala ka pa chitseko cha dalaivala. Inu mukweremo, anyamata awiri okweza matumba, zitsulo zakutsogolo zija munaikitsa, mafuta, kenako matumba, mupeza kuti malire aja mwawadutsa musanadziwe. Zimayamba kuvutika ndi masipuling'i akumbuyo, ma shock ndi mabuleki, ndipo potsika Misuku mabuleki ndiwo moyo wanu.

Nkhani si kulemera kokha, komanso pamene kulemerako kwakhala. Thanki yolowa m'malo imakhala pomwe panali yakale, pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo, m'munsi, ndiye galimoto siisintha kayendedwe kwenikweni. Thanki yachiwiri nthawi zambiri amaiika pa malo a tayala la sipeya, kumbuyo kwenikweni. Sipeya ija muiika kuti? Kaya mu bodi, kulanda malo a matumba, kaya pa bampala yakumbuyo, kulemera konse kukhale kuseri kwa mawilo. Ma double cab amene amapindika chasisi pakati pa kabini ndi bodi, chimawapha n'chimenecho, katundu wolendewera kumbuyo kenako n'kugwera m'dzenje pa liwiro. Komanso thanki yachiwiri imafuna pampu yake, mapaipi ake, mawaya ake, switch yake. Chilichonse mwa zimenezi chikhoza kukufelani kutali ndi tauni.

Za owotcherera, sindikuwanyoza, alipo aluso kwambiri. Koma thanki ya mafuta si bokosi chabe. Yachitsulo yabwino m'kati mwake mumakhala timakoma, ma baffle, toletsa mafuta kukhavukira uku ndi uku. Popanda timeneto, malita 100 akathamangira mbali imodzi pa kona mumamva galimoto ikukukankhani, ndipo pa chikweza, mafuta akachepa, amathawa pamene pampu imayamwira, injini n'kukoka mpweya n'kuzima. Pamafunikanso kapaipi kopumira koikidwa pamwamba, kuti madzi ndi fumbi zisalowe powoloka mitsinje. Chitsulo wamba chimachita dzimbiri m'kati, ndipo mizere yowotcherera imang'aluka ndi kugwedezeka kwa misewu ya fumbi ija. Injini yanu ndi ya common rail, ija yopopera dizilo mwamphamvu kwambiri kudzera m'timabowo tating'ono ta ma injector, siifuna nkomwe kachitsotso kapena dontho la madzi. Ma injector anayi akawonongeka, ndalama yake iposa imene munapulumutsa pa thanki.

N'chifukwa chake ndikuti, kaya musankha thanki iti, muikitsenso fyuluta yowonjezera yolekanitsa madzi ndi dizilo, ija ya kabotolo koonekera pansi. Thanki yaikulu ikamakhala nthawi yaitali ili theka imachita thukuta m'kati, makamaka kozizira ngati ku Nyika, ndipo madzi amenewo amatsikira pansi. Dizilo wa m'mbali mwa msewu nayenso simudziwa kuti wadutsa m'chiyani.

Pakati pa yachitsulo ndi yapulasitiki, zonse zilipo zabwino. A ARB amapanga yapulasitiki yolimba yotchedwa Frontier, pomwe Long Ranger ndi Brown Davis, za ku Australia, zimadziwika ndi zachitsulo. Yapulasitiki ndi yopepukirapo, sichita dzimbiri, ilibe mizere yowotcherera. Yachitsulo ikabooka munthu wodziwa ntchito angathe kuikonza. Ine kwa inu ndikanatenga yapulasitiki chifukwa cha kulemera kuja. Koma chofunsa wogulitsa ndi ichi: ikaikidwa imatsika bwanji pansi pa chasisi? Ikalendewera kwambiri izikhula miyala, ndiye pafunika chitsulo choitchinjiriza kunsi.

Mudziwiretu kuti geji idzayamba kukunamizani. Singano imakhala pa full nthawi yaitali, kenako n'kuyamba kutsika, ndipo nambala ija ya makilomita otsala imawerengerabe ngati thanki ndi ya malita 80. Muzizolowera kubwezera trip pa ziro mukangodzaza, n'kumawerenga nokha.

Zigubu musazitaye zonse, chimodzi chachitsulo cha malita 20 chizikhala, chomangidwa bwino mu bodi, osati mu kabini. Koma kudalira zigubu zokha n'kovuta, chifukwa mafuta akasowa a MERA amaletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo, pomwe thanki ya galimoto palibe amene angakukanizeni. Ngakhale choncho, pa mzere nthawi zina amapereka mafuta mopimira, ndiye thanki yaikulu imathandiza munthu amene amadzaza mafuta akadalipo, ku Mzuzu musananyamuke. Kudzaza malita 140 kamodzi ndi ndalama yambiri, muikonzekere, ndipo chotsekera chake chikhale cha kiyi.

Achimwene ku Joni asagule mwachisawawa. Muwatumizire nambala ya chasisi, chaka cha galimoto, komanso kuti ndi double cab ya dizilo, chifukwa thanki ya Hilux yakale siilowa mu yatsopano. Aonetsetse kuti zomangira, mapaipi ndi mabawuti zili momwemo, asunge lisiti ya a MRA pa Mwanza. Ikaikidwa mukawauze a inshuwalansi, kuti tsiku la ngozi asadzapeze pothawira ponena kuti galimoto inasinthidwa iwo osadziwa.

Ndijambulireni kachitsulo ka pa chitseko kaja munditumizire, mundiuzenso matumba amene mumakweza pa ulendo umodzi, ndiwerengere ngati masipuling'i omwe alipowo akwanitse kapena tisinthe nthawi imodzi ndi thanki. Muwapatse moni azakhali.