Za "kick out" zija mwafunsa, amalume

Amalume, ndamva funso lanu, loti mu uthenga mwalandirawo alemba kuti "they kicked him out", ndiye mukudabwa ngati munthuyo anamenyedwa theche. Ayi, mtima m'malo, sanamenyedwe. "Kick" payekha ndiye kumenya theche, koma akamuphatikiza ndi "out" tanthauzo limasinthiratu: ndi kuthamangitsa munthu, kumupitikitsa pamalo mwiniwake asakufuna. Kaya panyumba ya lendi, kusukulu, kuntchito, ngakhale pagulu la WhatsApp ngati lathu lino.

Tsono apa mumvetsetse bwino, chifukwa ambiri amaphonya pomwepa. Mukamutchula munthuyo, mawu awiriwa mutha kuwalekanitsa kapena kuwasiya limodzi: "kick the tenant out" ndi "kick out the tenant", zonse n'zolondola. Koma timawu ta him, her, me, us ndi them timalowa pakati basi. "Kick him out." Mukati "kick out him", wodziwa Chingerezi zimamupweteka m'khutu. Malo amene munthu wachotsedwawo amabwera ndi "of", osati "from". Mwachitsanzo, "she was kicked out of school". Ena amaikapo "from" poganiza za kuchokera, koma "out" amayenda ndi "of". Komanso potchula "kicked" muziti kikt, mwachidule, osati kikedi.

China chofunika kwambiri n'chakuti awa ndi mawu apocheza, ndipo ndi okhadzula, amamveka kuti munthu wachotsedwa mopanda ulemu. M'kalata yopita kuofesi musawalembe, chonde. Kumeneko chilichonse chili ndi liwu lake: wa sukulu amati "expelled", wa nyumba "evicted", wa ntchito "dismissed", wobwezedwa kwawo kuchokera kudziko la eni "deported".

Alipo ena ofanana nawo. "Throw out" amagwira pa munthu chimodzimodzi, komanso pa zinthu, monga kutaya zinyalala, ngakhale khoti likataya mlandu. "Drive out" ndi kumusowetsa mtendere munthu mpaka achoke yekha, nthawi zambiri pang'onopang'ono.

Eya, ndisaiwale, musasokoneze ndi "kick off". Ameneyo ndi kuyamba, ngati mpira ukamayamba. Ndipo wosewera akapatsidwa khadi yofiira amati "sent off". Mukafuna kuyankha uthengawo, mungofunsa kuti "why was he kicked out?"