Mwana wobadwa pa 6 Julaye: kodi tsiku limabwera ndi mwayi wake?

Mayi wina wa ku Kasungu wandilembera imelo sabata ino. Akuti mwana wawo wachisamba anabadwa pa 6 Julaye, ndipo apongozi awo akakamira kuti mwanayo adzakhala mtsogoleri poti anabadwa tsiku limodzi ndi dziko. Funso lawo nali: "Ndi anthu ati otchuka amene anabadwa tsikuli, nanga pali chimene chimalumikiza anthu obadwa tsiku limodzi?"

Zikomo amayi. Apongozi anuwo sindingawatsutse pamaso, ndinaleredwa bwino ine. Koma poti tili awiriwiri, tiyeni tilivundukule tsikuli tione zimene zili mkati.

Ngati mukufuna mayina owasangalatsa agogo a mwanayo, alipo. Dalai Lama, mtsogoleri wachipembedzo wa anthu a ku Tibet, anabadwa pa 6 Julaye 1935. George W. Bush, amene analamulira dziko la America kuyambira 2001 mpaka 2009, anabadwa pa 6 Julaye 1946 ku New Haven. Mpaka apa apongozi akuwina. Vuto ndi lakuti tsiku lomwelo, chaka chomwecho cha 1946, mumzinda wa New York munabadwa Sylvester Stallone, uja tinkamutchula kuti Rambo tikamatuluka m'nyumba zoonetsera mavidiyo maso ali gwa. Makanda awiri, tsiku limodzi, dziko limodzi: wina anakakhala ku White House, mnzake anadya za minofu yake pa kanema. Onjezanipo woimba 50 Cent wa 1975, wanthabwala Kevin Hart wa 1979, ndi Frida Kahlo, mayi wojambula zithunzi wa ku Mexico wa 1907. Mukawaika anthu amenewa pa mphasa imodzi, sindikuona nkhani imene angagwirizane.

Kumbali ya zochitika, chimene chimandikoka mtima ndi cha 1957. Loweruka pa 6 Julaye chaka chimenecho, pa chisangalalo cha mpingo wa St Peter's ku Woolton, mumzinda wa Liverpool, kagulu ka anyamata kotchedwa Quarrymen kankaimba pabwalo. Wotsogolera anali John Lennon, wa zaka 16. Mnzake wina anabwera ndi mnyamata wa zaka 15 dzina lake Paul McCartney n'kuwadziwanitsa. Gulu lotchuka la oimba la Beatles linaphuka pamenepo, pa zochitika zonga zija timachita pofuna kupeza ndalama zofolerera tchalitchi. Tsiku lomwelo ku London, Althea Gibson wa ku America anapambana mpikisano wa tenesi wa Wimbledon, kukhala munthu wakuda woyamba kutenga chikho chimenecho, ndipo anachilandira kuchokera m'manja mwa Mfumukazi Elizabeth. Gibson anakulira ku Harlem pa nthawi imene makalabu ambiri a tenesi kwawo sankalola wakuda kuponda pabwalo.

Tikabwerera m'mbuyo, pa 6 Julaye 1885 ku Paris, Louis Pasteur anayamba kupereka katemera wa chiwewe kwa Joseph Meister, mnyamata wa zaka 9 amene analumidwa ndi galu wopenga. Katemerayo anali asanatsimikizike pa munthu. Mnyamatayo anapulumuka, ndipo atakula anakagwira ntchito yoyang'anira pakhomo la Pasteur Institute. Aliyense amene anathamangirapo kuchipatala ndi mwana wolumidwa ndi galu ali ndi ngongole ndi tsiku limeneli. Koma si zonse zokoma. Nkhondo ya Biafra ku Nigeria inayamba pa 6 Julaye 1967, ndipo kwathu konkuno, pa 6 Julaye 2017, anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pa mpanipani wa pageti la Bingu National Stadium ku Lilongwe.

Tsopano funso lanu lachiwiri, limene ndi lenileni. Yankho langa ndi lakuti palibe. Masiku a chaka ndi 365 basi, pamene anthu padziko tapitirira 8 biliyoni. Mukagawa, mupeza kuti mwana wanu amagawana tsiku lobadwa ndi anthu oposa 20 miliyoni. Mwa amenewa muli apulezidenti, inde, komanso muli akabaza, anamwino, akaidi ndi ogulitsa mandasi, kungoti olemba mindandanda ya pa intaneti amatola okhawo odziwika. Akatswiri a masamu ali ndi chitsanzo chimene chimadabwitsa aliyense akachimva koyamba: pagulu la anthu 23, mwayi woti awiri akhale obadwa tsiku limodzi umapitirira pang'ono theka. Ndiye kuti osewera 22 a mpira ndi oimbira mmodzi akwana kale. Zongochitika mwangozi ndi zambiri kuposa mmene mutu wathu umafunira kuvomera.

Komabe 6 Julaye wa Malawi ndi wosiyana, ndipo apa ndi pamene nkhani ya apongozi anu ili ndi kafungo ka zoona. Tsikuli silinagwe lokha ngati bango. Dr. Hastings Kamuzu Banda anatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958 atakhala kunja zaka zoposa 40. Patatha zaka 6 ndendende, pa 6 Julaye 1964, mbendera ya Britain inatsitsidwa ku Blantyre, Prince Philip akuonerera, Nyasaland n'kukhala Malawi. Pa 6 Julaye 1966 dziko linakhala lipabuliki, Kamuzu n'kukhala pulezidenti. Zinthu zitatu pa tsiku limodzi sizingakhale ngozi. Andale anachita kulisankha ndi kulibwereza mpaka litakhazikika m'mitu yathu. Abale athu a ku Comoros nawo amakondwerera ufulu wawo pa 6 Julaye, kuyambira 1975, koma awo ndi ulendo wawo ndi France, sukhudzana ndi wathu.

Chinanso, mindandanda ya masiku obadwa musamaikhulupirire ndi mtima wonse. Louis Armstrong, katswiri wa lipenga wa nyimbo za jazi amene anamwalira pa 6 Julaye 1971, moyo wake wonse ankanena kuti anabadwa pa 4 Julaye 1900, tsiku la ufulu wa America. Atamwalira, kaundula wa ubatizo ku New Orleans anaonetsa kuti anabadwa pa 4 Ogasiti 1901. Nayenso ankafuna kubadwa limodzi ndi dziko lake! Kamuzu yemwe, timakumbukira kubadwa kwake pa 14 Meyi, koma chaka chake olemba mbiri amakanganabe, ena 1906, ena cha m'ma 1898. Sizachilendo kwa ife. Agogo anga mukawafunsa zaka ankangoti anali atayamba kale kutunga madzi pa njala ya 1949, basi nkhani yatha.

Choncho apongozi akayambanso nkhaniyi, atchulireni Bush ndi Dalai Lama, za Rambo musunge mumtima. Mwanayo mumuuze chimene ndingalonjeze popanda kuombeza: malinga akuphunzira m'Malawi muno, sadzapitako kusukulu pa tsiku lake lobadwa.